Phungu akati "nanunso muli ndi udindo", kodi akuthawa mlandu?

Funso: Ndine mphunzitsi wa kupulayimale. Posachedwapa ndinamva phungu wa dera lathu akulankhula pa wailesi. Ananena kuti ndalama za boma zimasowa chifukwa anthu wamba sitilondoloza, timangodandaula n'kumadikira chisankho. Anawonjezera kuti ovota ndife timawononga aphungu powapempha zinthu zimene si ntchito yawo. Mawuwa anandipweteka, poti iye ndi amene amalipidwa kuti atiyang'anire chuma chathu. Koma mnzanga wa kuntchito akuti phunguyo sakunama. Kodi udindo woonetsetsa kuti boma likuyenda bwino uli pa yani kwenikweni, nanga munthu ngati ine ndingachitepo chiyani?

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo sakulakwa, komanso inu simunapwetekedwe pachabe. Phunguyo wanena zoona, koma wanena mbali imodzi yokha, ndipo mbali imene wasiyayo ndi imene ikukhudza iye mwini. Anthu alidi ndi udindo wofunsa. Kungoti kufunsa kumapindula pamene pali wina wokakamizidwa kuyankha, ndipo amene tinamulemba ntchito yokakamizayo ndi phungu.

Tiyambe ndi chinthu chimene mukuchidziwa bwino kuposa ine. Pasukulu panu pali komiti, ndipo komitiyo ili ndi msungichuma. Makolo akasonkha ndalama zokonzera denga, msungichumayo amayenera kuonetsa buku ndi malisiti. Pamene manambala sakugwirizana amayenera kufotokoza, ndipo kufotokozako kukapanda kumveka amabweza ndalamazo kapena kutula pansi udindo. Buku likabisidwa, makolo safunsa kanthu chifukwa alibe poyambira. Buku likaonetsedwa koma wakuba n'kukhalabe pampando, ulendo winawo makolo sabweranso kumsonkhano. Dziko limayenda chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti thumba ndi lalikulu ndipo eni ake ndi mamiliyoni amene sangakwane m'chipinda chimodzi. N'chifukwa chake amatuma anthu ochepa kuti akawerenge bukulo m'malo mwawo. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, amanena zimenezi momveka mu gawo 12: mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu, amene ali pamaudindo anangosungitsidwa mphamvuzo, ndipo chikhulupiriro chimene anapatsidwa chimapitirira pokhapokha boma likuchita zinthu poyera, likuyankha kwa anthu, ndiponso anthu akusankha akudziwa chimene akusankha. Ngongole imene gawoli likutchula ndi ya wolamulira kwa nzika.

Ambiri timaganiza kuti ntchito yaikulu ya Nyumba ya Malamulo ndi kupanga malamulo, poti dzina lomwe likutero. Ine ndimaona kuti yolemera kwambiri ndi ya thumba. Boma sililoledwa kukhazikitsa msonkho kapena kugwiritsa ntchito ndalama za anthu popanda chilolezo cha aphungu. Chaka chilichonse nduna ya zachuma imabweretsa bajeti, aphungu amaikambirana unduna ndi unduna n'kuivomereza. Ndalama zikagwiritsidwa ntchito, mkulu wofufuza mabuku a boma, Auditor General, amapenda malisiti ndi makontirakiti n'kulemba lipoti lopita ku Nyumba ya Malamulo. Kumeneko komiti yolondoloza chuma cha boma, imene ambiri amangoti PAC, imaitana alembi aakulu a maunduna ndi akuluakulu a makhonsolo kuti afotokoze. Dongosololi ndi lakale. Ku Britain komiti yotere inakhazikitsidwa mu 1861, William Gladstone ali nduna ya zachuma, ndipo mu 1866 kunabwera lamulo lokhazikitsa ofesi ya wofufuza mabuku woima payekha. Kumenekonso ndi kumene kunachokera chizolowezi choti wapampando wa komitiyi azichokera mbali yotsutsa boma, kuti boma lisamadziweruze lokha. Maiko ambiri a Commonwealth anatengera zimenezi.

Tsono taonani kuti pa ulendo wonse wa ndalamawu, mphunzitsi wa kupulayimale alibe mpando. Simungaitane mlembi wamkulu wa unduna kuti abwere ndi mafailo. Simungakane kuvomereza bajeti ya unduna umene sunafotokoze za chaka chatha. Simungaimirire n'kufunsa nduna funso limene ikuyenera kuyankha pamaso pa Sipikala. Phungu angathe zonsezi. Choncho iye akamati anthu salondoloza, funso loyamba ndi lakuti: nanga inu olemekezeka, zida zimene tinakupatsanizi mwazigwiritsa ntchito kangati?

Nkhani ya Cashgate imatiphunzitsa zambiri pamenepa. Mu Seputembala 2013 dziko linadzidzimuka kumva kuti ogwira ntchito m'boma akupezeka ndi mitolo ya ndalama m'galimoto ndi m'nyumba zawo, ndipo mkulu woyang'anira bajeti ku unduna wa zachuma anawomberedwa ku Lilongwe. Kafukufuku wa kampani ya ku Britain ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala chaka chimenecho. Njira yake inali yakuti anthu ankalowa mu kompyuta zolipirira za boma, n'kulemba macheke opita ku makampani amene sanagulitse kanthu ku boma, kenako n'kufufuta zolembazo. Maiko ndi mabungwe othandiza anaimitsa thandizo lawo la mu bajeti, ndipo zipatala ndi sukulu ndi zimene zinamva kuwawa. Palibe mlimi kapena mphunzitsi amene akanatha kuona cheke chofufutidwa mu kompyuta ya ku Capital Hill. Amene akanatha kununkhiza msanga ndi ofufuza mabuku ndi makomiti a aphungu. Malipoti a wofufuza mabuku akamafika mochedwa ndi zaka, komiti imakhala ikufunsa za ndalama zimene zinadyedwa kalekale, wozisainira anasamutsidwa kapena anapuma ntchito. Ndipo ofesi yofufuzayo ikakhala yopanda ndalama zokwanira, tizikumbukira kuti amene amavomereza bajeti yake ndi aphungu omwewo.

Nanga n'chifukwa chiyani aphungu, amene ambiri mwa iwo ndi anthu ozindikira, amafooka pa ntchito imeneyi? Chifukwa chachikulu ndi chipani. Phungu wa chipani cholamula amadziwa kuti kufunsa nduna mwamphamvu kungamutsekere khomo la unduna, kapena kungachititse kuti chipani chiimike wina pa chisankho chikubwerachi. Wa mbali yotsutsa amafuula kwambiri, koma nthawi zambiri chipani chake chikalowa m'boma mawu amamuthera. Chitsanzo chimene ndimachikumbukira kawirikawiri ndi cha ku South Africa. Ndalama za boma pafupifupi R246 miliyoni zinagwiritsidwa ntchito pamudzi wa Pulezidenti Jacob Zuma ku Nkandla, ati pofuna kukhwimitsa chitetezo, koma mwa zomangidwazo munali dziwe losambiramo, khola la ng'ombe ndi khola la nkhuku. Mu 2014 mtetezi wa anthu, Thuli Madonsela, analamula kuti Zuma abweze gawo la ndalamazo. Nyumba ya Malamulo, imene chipani cha ANC chinali ndi aphungu ochuluka, inasankha kuvomereza malipoti ena omuyeretsa mtsogoleri wawo. Pa 31 Malichi 2016 khothi lalikulu loona za malamulo a dzikolo linagamula kuti Zuma analephera kuteteza malamulo aakulu, komanso kuti Nyumba ya Malamulo nayo inalephera ntchito yake yomufunsa. Pamapeto pake anabweza R7.8 miliyoni. Chimene chimandikhudza pa chigamulochi ndi mbali yachiwiriyo. Oweruza sanadzudzule anthu wamba kuti sanalondoloze. Anadzudzula aphungu.

Kuno kwathu aphungu ena amabisala kumbuyo kwa gawo 65 la malamulo aakulu, ati akatsutsana ndi chipani adzataya mpando. Gawolo limanena za phungu amene wachoka m'chipani chake n'kulowa china. Ndime yachiwiri ya gawo lomwelo imanena kuti phungu aliyense ali ndi ufulu wonse wovota momwe akuonera m'Nyumba, ndipo mpando wake sungalandidwe chabe chifukwa chakuti wavota mosemphana ndi chipani chake. Choncho phungu akakuuzani kuti manja ake anali omangidwa, dziwani kuti chinamumanga si lamulo. Ndi mantha kapena chiyembekezo cha udindo.

Tsopano tibwere kumene phungu wanu wanena zoona, ndipo pano ndikupemphani kuti mumve modekha chifukwa pakutikhudza tonse. Tikamasankha phungu, ambiri sitifunsa kuti adzakhala mu komiti iti kapena amatha kuwerenga lipoti la zachuma. Timafunsa kuti adzatimangira chiyani, adzatipatsa chiyani. Akapambana, pakhomo pake pamadzaza anthu a mavuto enieni: wina mwana wabwezedwa kusukulu, wina akufuna thandizo la kuchipatala. Mavutowa si abodza ndipo sindikunyoza aliyense wopempha, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma malipiro a phungu sangakwanire dera lonse. Ndiye amafunafuna kwina: ngongole, maalawansi a misonkhano, ubwenzi ndi a makontirakiti, kapena kugwadira nduna kuti imuponyere kachitukuko kudera kwake. Phungu amene akuyembekezera kuti nduna imupatse mlatho sangaifunse ndunayo za mabiliyoni amene asowa ku unduna wake. Pamenepo ife ovota timakhala tamuchotsa mano mlonda wathu ndi manja athu. Phungu wakhama mu komiti, amene wapulumutsa ndalama zochuluka za dziko lonse, amatha kugwa pa chisankho chifukwa kumudzi sanaone chimene anamanga. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti, koma lamulo palokha silingathetse chizolowezi chimene wopereka ndi wolandira onse akuchifuna.

Kusokonekera kumeneku kuli ndi mbiri yake. Chisankho cha makhansala chinachitika mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo anthu anazolowera kuti chitukuko cha m'dera ndi cha phungu, poti panalibe wina wosankhidwa woti n'kumufunsa. M'nyengo yomweyo, mu 2006, kunayamba thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, potengera la ku Kenya limene linayamba mu 2003. Cholinga chake n'chomveka: ndalama zifike msanga kumudzi, pamangidwe kalasi, kamlatho, nyumba ya mphunzitsi. Ndipo zina zamangidwadi. Vuto lili pa udindo. Phungu akakhala wosankha ntchito, woloza womanga, n'kukhalanso wofunsa ngati ndalama zayenda bwino, ndiye kuti msungichuma ndi wofufuza buku ndi munthu mmodzi. Ku Kenya khothi la Supreme linagamula mu Ogasiti 2022 kuti lamulo la CDF la 2013 linkasemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo chifukwa linkasakaniza ntchito ya aphungu ndi ya oyendetsa boma. Ku Malawi nako, mu Meyi 2025, khothi loona za malamulo aakulu linagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa nawo thumbali kapena kuvota m'makhonsolo. Maganizo anga ndi akuti oweruzawa anaona bwino. Ndalama zipite kudera, zichuluke ngati n'kotheka, koma azigwire khonsolo, ndipo phungu aime pambali ndi cholembera n'kumafunsa. Phungu amene akudandaula kuti anthu amamupempha zimene si ntchito yake, ayenera kukhala woyamba kuvomera kuti thumba la chitukuko lichoke m'manja mwake. Akakana, ndiye kuti dandaulo lakelo ndi la pakamwa chabe.

Pali mtsutso wakale wonena ngati phungu ayenera kuchita zimene anthu amuuza kapena zimene iye akuona kuti n'zoyenera. Mu 1774 Edmund Burke anauza anthu a ku Bristol amene anali atangomusankha kuti phungu ayenera kumvetsera anthu ake ndi kuika zofuna zawo patsogolo pa zake, koma asapereke nzeru zake nsembe pofuna kuwasangalatsa. Pofika 1780 mpando wa Bristol unamuchoka, anthu atakwiya ndi momwe ankavotera. Ine ndimavomereza kuti phungu si kalata yongonyamula mawu, pali nkhani zina zimene iye amaona mapepala amene ife sitinaone. Koma ufulu woganiza yekhawo umabwera ndi ngongole yofotokoza. Avote momwe akuonera, kenako abwere adzatiuze chifukwa chake, ndipo avomere kuti tikapanda kukhutira tidzamuchotsa.

Mawu oti kuchotsawa akutifikitsa pa gawo 64. Malamulo aakulu a 1994 anali ndi gawo lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, koma aphungu analichotsa mu 1995 lisanagwirepo ntchito. Kuyambira pamenepo anthu akhala akupempha kuti libwerere. Otsutsa amati olephera pa chisankho angamasonkhanitse masaini chaka chilichonse n'kusokoneza dera, ndipo nkhawa imeneyi si yachabe. Koma maiko ena anapeza njira yapakati. Ku Britain lamulo la 2015 limalola kuchotsa phungu pokhapokha wapatsidwa chilango cha kundende, kapena waimitsidwa ndi Nyumba kwa masiku khumi a zokambirana kapena kuposerapo, kapena khothi lamupeza wolakwa ponama pa ndalama zimene amabwezeredwa. Zikatero, anthu khumi mwa anthu zana aliwonse olembetsa m'deralo akasaina, mpando umakhala wopanda munthu ndipo pamachitika chisankho chapadera. Phungu woyamba kuchotsedwa motere anali wa ku Peterborough mu 2019. Lamuloli linabwera pambuyo pa manyazi a 2009, pamene nyuzipepala ya Daily Telegraph inaulula momwe aphungu ankadyera ndalama zobwezeredwa, Sipikala Michael Martin n'kutula pansi udindo ndipo aphungu angapo n'kupita kundende. Malamulo aakulu a Kenya a 2010 nawo ali ndi ufulu wochotsa phungu mu gawo 104. Ine ndikufuna gawo 64 libwerere lili ndi malire omveka ngati amenewa. Sikuti lingathetse zonse, poti aphungu ambiri kuno amagwa kale pa chisankho chilichonse koma kulondoloza chuma sikunasinthe kwenikweni. Kusintha nkhope kokha sikukwanira ngati muyeso umene tikusankhira uli womwewo.

Tsono inu mungachite chiyani? Ndikufuna ndikuuzeni nkhani ya ku Uganda chifukwa ndi ya aphunzitsi ndi makolo. Kafukufuku amene anachitika mu 1996 anapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995, pa ndalama zoyendetsera sukulu za pulayimale zimene boma linkatumiza potengera chiwerengero cha ana, pafupifupi 13 peresenti yokha ndi imene inkafika pasukulu. Zina zonse zinkathera m'maofesi a m'maboma, ndipo sukulu zambiri sizinkalandira kalikonse. Aphunzitsi aakulu sankadandaula chifukwa sankadziwa n'komwe kuti anayenera kulandira zingati. Boma linayamba kusindikiza m'nyuzipepala ndalama zimene latumiza ku boma lililonse mwezi ndi mwezi, n'kulamula kuti sukulu zizipachika pa bolodi zimene zalandira. Pofika 2001, pafupifupi 80 peresenti inkafika. Panalinso kusintha kwina m'maphunziro nthawi imeneyo, koma zinaoneka kuti sukulu zimene zinali pafupi ndi kogulitsira nyuzipepala ndi zimene zinapindula kwambiri. Makolo a ku Uganda a mu 1995 ndi a mu 2001 anali anthu omwewo, mtima wawo pa ana sunasinthe. Chinasintha n'chakuti nambala inaikidwa poyera, iwo n'kupeza chogwira pofunsa. Apa ndi pamene mawu a phungu wanu akuperewera: anthu salondoloza chinthu chimene sanaonetsedwe.

Ku India, m'chigawo cha Rajasthan, zinayambira pansi. Kuyambira 1994 bungwe la alimi ndi aganyu la Mazdoor Kisan Shakti Sangathan linkafunafuna mapepala a ntchito za chitukuko n'kumawawerenga mokweza pamsonkhano wa mudzi. Dzina likatchulidwa kuti uje analandira malipiro a masiku makumi atatu, anthu ankayankha kuti munthuyo anamwalira kale, kapena mwini wake ankaimirira n'kunena kuti sanalandire kanthu. Nyumba zolembedwa kuti zinatha zinkapezeka kuti kulibe. Ntchito imeneyi inathandiza kuti dziko la India likhazikitse lamulo la ufulu wopeza uthenga mu 2005. Anthu ambiri pamisonkhanoyo sankatha kuwerenga. Ankangofunika munthu mmodzi wowawerengera, ndipo m'midzi yambiri munthu woteroyo ndi mphunzitsi.

Ifenso lamulo lotere tili nalo. Gawo 37 la malamulo aakulu limapereka ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, ndipo lamulo lolongosola ufuluwu linasainidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Limalola nzika iliyonse kupempha mapepala ku ofesi ya boma, ofesiyo imayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene limayang'anira kuti lamuloli likutsatidwa. Ndinene mosabisa kuti maofesi ambiri amachedwa kapena kungokhala chete. Komabe kalata yolembedwa, yokhala ndi tsiku ndi chidindo chosonyeza kuti yalandiridwa, ili ndi mphamvu imene kudandaula kwa pabwalo kulibe. Mawu a pakamwa amakanidwa mawa lake, pamene kalata imakhala m'failo.

Yambani pafupi, pasukulu panu pomwe. Ndalama za SIG, thandizo la boma lotukulira sukulu, zimene sukulu imalandira zipachikidwe pa bolodi: zabwera zingati, tsiku liti, zagula chiyani. Ndikudziwa kuti izi zingakuvuteni ngati wosafuna kuonetsa ndi amene amakuyang'anirani pantchito, choncho musayende nokha. Komiti ya sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi ali ndi ufulu wofunsa, ndipo funso lochokera ku gulu silikhala ndi dzina la munthu mmodzi woti n'kumusamutsa. Kenako pitani ku khonsolo. Ngati m'dera lanu mukumangidwa kalasi kapena mlatho, komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya dera ingapemphe kuti ione mtengo wa ntchitoyo, dzina la womanga, ndalama zimene walipidwa kale ndi tsiku loyenera kumaliza. Ndi zinthu zinayi zokha zimenezo mukhoza kudziwa ngati pali chovuta. Womanga amene walandira ndalama zonse khoma lili pawindo safuna katswiri kuti amuzindikire. Mukapeza zokayikitsa, bungwe la ACB limalandira madandaulo a katangale, ndipo ofesi ya Ombudsman imalandira a kusayendetsa bwino ntchito za boma. Monga wogwira ntchito m'boma simuyenera kuchita ndale za chipani, koma kufunsa za ndalama za sukulu kapena za khonsolo si ndale za chipani. Ndi ufulu wa wokhoma msonkho, ndipo msonkho wanu umadulidwa pa malipiro musanawaone n'komwe.

Chenjezo limodzi: musaneneze munthu kuba musanaone pepala. Nthawi zina ndalama zimachedwa kuchokera ku likulu, nthawi zina mitengo ya zipangizo imakwera ntchito ili mkati. Mukafuula kuti wakuba kenako n'kupezeka kuti ndalamazo sizinabwere n'komwe, ulendo wina palibe adzakumvereni, ndipo mungadzipezere mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Funsani nambala kaye, ndipo mufunse mwaulemu.

Kunena za phungu weniweniyo, musinthe mafunso amene mumamufunsa. Nyumba ya Malamulo ili ndi aphungu 229 kuyambira chisankho cha Seputembala 2025, kuchoka pa 193, ndipo zonse zimene amalankhula m'Nyumba zimalembedwa mu buku lotchedwa Hansard. Zokambirana zimaulutsidwanso pa wailesi ndi pa intaneti. Choncho n'zotheka kudziwa ngati phungu wanu amalankhula, ndi zimene amalankhula. Mufunseni kuti ali mu komiti iti ndipo komitiyo yapeza chiyani chaka chino. Mufunseni mafunso amene wafunsa nduna ya zamaphunziro ndi mayankho amene analandira. Mufunseni momwe anavotera pa ngongole zimene boma latenga, poti ngongole iliyonse yaikulu imadutsa m'Nyumba ndipo adzabweze ndi ana amene mukuwaphunzitsawo. Mufunsenso ngati analembetsa chuma chake monga limafunira lamulo la 2013 lokhudza akuluakulu a boma. Phungu wakhama amasangalala ndi mafunso otere chifukwa kawirikawiri palibe amamufunsa za ntchito imene amatherapo nthawi yake. Ndawaonapo aphungu otero, amene amafika mu komiti atawerenga lipoti lonse n'kulemba m'mphepete, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti kwawo anthu sadziwa n'komwe.

Ndikuuzeninso chifukwa chimene ndimalimbikira njira zooneka zochedwazi. Mu Juni 2024 achinyamata a ku Kenya anachita zionetsero zokana bilu ya misonkho yatsopano. Aphungu anaivomerezabe, ndipo pa 25 Juni anthu anathyola n'kulowa m'Nyumba ya Malamulo ku Nairobi. Apolisi anawombera, anthu anafa, ndipo mawa lake Pulezidenti William Ruto analengeza kuti sasaina biluyo. Anthu anapambana, koma mabanja ena anaika maliro a ana awo. Kuchita zionetsero mwamtendere ndi ufulu, ndipo pali nthawi imene kumafunikadi. Koma anthu akafika pothyola chipata cha Nyumba imene anaimanga kuti iziwalankhulira, ndiye kuti makalata, misonkhano ndi makomiti zinalephera kalekale. Phungu wanzeru amatsekula makomo ang'onoang'onowa anthu asanafike pamenepo: amachititsa msonkhano kudera pambuyo pa mkumano uliwonse wa Nyumba, amabweretsa mapepala a bajeti ya khonsolo, amayankha makalata.

Ndiye chitani chonchi. Mulembereni kalata phungu wanuyo, inu ndi mnzanu wa kuntchito uja, ndipo ngati n'kotheka isainidwenso ndi wapampando wa komiti ya sukulu. Muuzeni kuti munamva zimene ananena pa wailesi ndipo mwavomera kulondoloza. Mupempheni zinthu ziwiri zokha: mndandanda wa ntchito za chitukuko za m'dera lanu za chaka chathachi pamodzi ndi mitengo yake, ndi tsiku limene adzabwere kudzafotokozera anthu zimene wachita m'Nyumba ya Malamulo. Kalata ina yofanana nayo ipite kwa bwanamkubwa ndi kwa khansala wanu, poti mapepala a ndalamazo amasungidwa ku khonsolo. Sungani kope lodindidwa. Akayankha, itanani makolo muwawerengere mokweza. Masiku 15 ogwira ntchito akadutsa khonsolo ili chete, tengani kopelo mupite nalo ku Malawi Human Rights Commission, ndipo la phunguyo mulisunge mpaka tsiku limene adzabwere kudzapempha mavoti, mudzaliwerenge pamsonkhano iye ali pomwepo.